A Wansapato, amene ankaodira pakhomo pawo pomwe

Mwezi wa Okutobala chaka cha 2022 parishi yathu inaika m'manda bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Wansapato. Anali ndi zaka 78. Komiti ya nyuzi ya parishi inapempha kuti moyo wawo ulembedwe, ndipo zimene zili pansipa zachokera kwa anthu atatu amene anawadziwa pafupi: mwana wawo wamkazi, amene ndi mphunzitsi, a Telala, amene anagwira nawo ntchito pa khonde limodzi zaka zoposa makumi atatu, ndi a katekisiti athu. Nkhani zongoyenda pakamwa, zopanda amene anaziona ndi maso, zasiyidwa.

Anabadwa mu 1944, wachitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo anamwalira atagwa padenga mwanayo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sukulu inathera pomwepo. Amalume awo, amene ankasoka nsapato kuseri kwa msika, anawatenga kuti aziwongola misomali yakale ndi kupaka ulusi phula. Panatha chaka asanaloledwe kugwira singano. Ubatizo analandira mu 1959, ataphunzira katekisimu madzulo akaweruka.

Mu 1966 anayamba kudziimira paokha pa khonde la sitolo yogulitsa zitsulo. Chaka chomwecho kunabwera mtsikana wa mu kwaya ndi nsapato yothyoka chidendene. Inali ntchito ya kanthawi kochepa, koma mnyamatayo anaitembenuza uku ndi uku, anapukusa mutu, n'kunena kuti, "Bwerani mawa." Mawa lake ananena zomwezo, mkuja lakenso zomwezo. Kenaka mtsikanayo anafika n'kukhala pa benchi.

"Achimwene, lero sindichoka," anatero. "Ngati chidendenecho munachita kuchidzala kumunda, ndidikira mpaka mukolole."

Anakwatirana m'tchalitchi chathu chino mu 1968. Kuyambira pamenepo, m'nyumba mwawo, mayiwo sankawaitana amuna awo mwina ayi, koma "a Bwerani-mawa." Mulungu anawapatsa ana atatu. Wapakati anamwalira ndi chikuku mu 1974 ali ndi zaka ziwiri. Anatsala wamkazi, amene ndi woyamba, ndi wamwamuna, amene pano amayendetsa malole.

Mu mpingo a Wansapato sanakhalepo ndi udindo uliwonse. Ankakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo, ndipo ambiri tinkayesa kuti ndi manyazi. Chifukwa chake chinali china. Anthu akagwada, kunsi kwa nsapato zawo kumaonekera kumbuyo, ndipo iwo ankaona nsapato yobooka, yoikamo katoni, yomanga ndi waya. Misa ikatha ankamufika mwini wake pambali n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Mawa mudutse pakhonde, mundibwerekeko nsapatozo pang'ono." Za malipiro sankazitchula. A katekisiti atawadzudzula kuti maso awo akuyenera kukhala pa guwa, anayankha kuti, "Munthu akagwada, mtima amaonetsa Mulungu, kunsi kwa nsapato amaonetsa ine. Aliyense ndi mbali yake."

Sanali munthu wofewa. Anali wamakani, ndipo akagwira mfundo sankaisiya ngakhale ataona kuti yawaterera. Ana awo amakumbukira bambo wa mawu ochepa ndi malamulo ambiri. Kuimba sankatha, koma ankaimba mokweza, moti akazi awo ali kutsogolo mu kwaya ankawamva. Pobwerera kunyumba ankawauza kuti, "A Bwerani-mawa, Mulungu si gonthi. Mutanong'ona akhoza kumvabe, ndipo akhoza kuthokoza."

Matenda a mayiwo anayamba kuonekera mu 2011. Anathira mchere mu tiyi. Anasokera pa njira ya kumsika imene anayendamo moyo wawo wonse. Kuchipatala ananena kuti ndi matenda a kuiwala, kuti mankhwala ochiritsiratu kulibe, ndipo kuti zidzanka zikulirakulira.

Mu Febuluwale 2013 a Wansapato anaweruka monga mwa masiku onse n'kupeza chitseko chokhoma. Anagogoda.

"Ndani?"

"Ndine, tsegula."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwaulemu, monga momwe ankayang'anira mlendo aliyense.

"Pepani bambo, amuna anga kulibe. Apita kuntchito. Mubwere akabwera."

Mwamuna amene mayiwo ankamudikira anali mnyamata wa tsitsi lakuda wa pa khonde la sitolo ya zitsulo. Nkhalamba ya imvi imene inaima pakhomopo sankaidziwa.

Miyezi yotsatira a Wansapato anachita zimene makani awo anawauza. Ankalowa mokakamiza. Ankafotokoza, kutchula mayina a ana, kutchula tsiku la ukwati, kukweza mawu. Mayiwo ankathawira pakona n'kumakuwa kuti m'nyumba mwalowa munthu. Tsiku lina bambowo anachotsa chithunzi cha ukwati pakhoma n'kuchiika pafupi ndi nkhope yawo.

"Taona bwino. Uyu ndani?"

"Awo ndi amuna anga."

"Nanga ine?"

Mayiwo anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhalambayo. "Mwawapititsa kuti? Mwawatani amuna anga?"

M'mawa mwake mayiwo anasowa. Anthu a mphakati, gulu la akhristu a m'dera lawo, anamwazikana kukafuna. Anapezeka dzuwa litapendeka pa depoti ya basi, opanda nsapato, mapazi ali magazi, akufunsa aliyense wotsika basi ngati waona amuna awo. A Wansapato atayandikira kuti awagwire dzanja, mayiwo anakuwa mpaka anthu anaunjikana. Amene anawatengera kunyumba ndi a Telala, ndipo mwini mkazi ankatsatira patali kumbuyo. A Telala akuti atafika, mnzawoyo anakhala pansi pabwalo nthawi yaitali, kenaka n'kunena kuti, "Mkazi wa wansapato, mapazi ali magazi. Ndipo wamuthamangitsa ndine, ndi choonadi changachi."

Sabata yomweyo anasamutsa benchi ndi zipangizo zawo kuchoka pa khonde la sitolo n'kuziika pabwalo la nyumba yawo, moyang'anana ndi khomo. Anasesa kachipinda ka panja kosungiramo makala ndi makasu, anaikamo mphasa ndi bulangeti, n'kumagona m'menemo. M'mawa uliwonse ankasamba, kuvala, kupita pa khomo la nyumba imene anamanga ndi manja awo, n'kuodira.

"Odi kuno!"

"Ndani?"

"Wansapato, mayi."

"Eya, bambo. Amuna anga kulibe."

"Palibe kanthu, mayi. Ndikhala pabwalo pompano, ndizigwira ntchito."

Wansapato wa pabwalo mayiwo sankamuopa. Ankakhala pa khonde n'kumamuonerera akusoka. Bambowo ankaphika panja n'kubwera ndi mbale: "Mayi, ndaphika zambiri, ndithandizeni." Mankhwala ankawapereka ndi tiyi. Zimene mwamuna wachilendo sangachite, monga kusambitsa ndi kuveka, anakapempha amayi a mphakati, ndipo kwa munthu amene sanapemphepo kanthu kwa wina aliyense, ulendo umenewo unali wolemera. Amayi a mphakatiwo anagawana masiku mpaka mu 2015, pamene mwana wamkazi anapeza malo pa sukulu ya pafupi n'kubwerera kudzakhala ndi amayi ake. Iwo ankamuyesa mng'ono wawo, ndipo ankamulola kugona m'nyumba.

Pafupifupi m'mawa uliwonse mayiwo ankatuluka ndi nsapato zakuda zachikopa, zimene a Wansapato ankavala popita ku Misa.

"Mundikonzereko izi, ndi za amuna anga. Nawonso ntchito yawo ndi yomweyi, koma mukudziwa amisiri: za eni amakonza, zawo ayi."

"Amuna otere alipo ambiri, mayi."

"Musandiuze kuti bwerani mawa. Mawu amenewo ndinawamva kokwana."

"Lero lomwe, mayi."

Nsapatozo zinalibe chilema chilichonse. Ankazipukuta, kuzipaka polishi, kusintha zingwe zikatha, n'kuzibweza dzuwa lisanalowe. Mayiwo ankaziika pansi pa bedi. A Wansapato sakanathanso kuzivala, chifukwa mayiwo akanaona nsapato za amuna awo ku mapazi a mlendo. Kugula zina anakana. Ku Misa ankabwera ndi nsapato zantchito, zong'ambika ndi zigamba, kunsi kwake tayala lakale.

"Amwene, mukutiwonongera mbiri ife amisiri," ankatero a Telala. "Wansapato kuvala zimenezo? Kuli ngati ine kuyenda wopanda buluku."

"Zanga zili kwa mayi ena, akundisungira," ankayankha. "Inu buluku lanulo ndiye muzivalabe, tisaone zambiri."

M'tchalitchi anasiya benchi yomaliza n'kumakhala kumbuyo kwenikweni kwa akazi awo, pakuti pambali pawo sankalola mwamuna. Ikafika nthawi yopatsana mtendere, mayiwo ankatembenuka n'kuwapatsa dzanja monga ankapatsira wina aliyense. A Wansapato anauza a katekisiti kuti pa sabata yonse, nthawi yokhayo ndi imene ankagwira dzanja la akazi awo.

Panali chinthu chimene chinkawavuta mumtima, ndipo anachitula kwa bambo mfumu, wansembe wa parishi pa nthawiyo, a katekisiti ali pomwepo.

"Bambo, ndikamati ndine wansapato, kodi sindikunama?"

"Kodi sindinu wansapato?"

"Ndine."

"Nanga bodza lili pati?"

"Lili pa zimene sindikunena."

Bambo mfumu anati, "Zimenezo munazinena pa guwa mu 1968, ndipo iwo anamva bwinobwino. Simunazibweze."

Kuchokera pamenepo anadziikira lamulo: sankanena bodza kwa akazi awo ngakhale laling'ono, ndipo sankawakakamiza choonadi chimene sakanatha kuchisenza.

Si onse anagwirizana nazo. Mwana wamwamuna atabwera mu 2016, amayi ake anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Kenaka anaona kumene bambo ake ankagona, pakati pa matumba a makala, ndipo anapsa mtima.

"Bambo, izi ndi zamanyazi. Mukugona ngati mlonda pa nyumba yanu yomwe! Anthu akuti chiyani? Tiwapititse amayi kumalo kosungira odwala, inu mubwerere m'nyumba."

"Kumeneko akakhala pa khomo la yani podikira amuna awo?"

"Amuna awo ndinu! Sewero limeneli litha liti?"

"Iwe, amayi akowo akusunga nyumba ya amuna awo. Mwamuna wachilendo salowamo. Ndidandaule chiyani? Ndinakwatira mkazi wokhulupirika, moti ine ndemwe ndalephera kumunyengerera."

Mwanayo sanaseke. Anachoka tsiku lomwelo, ndipo anatha zaka zingapo osaponda pakhomopo. Bambo ake sanamunenere choipa. Ankangoti, "Mwana wakanidwa ndi mayi ake. Zimapweteka, ndikuzidziwa."

Chiyeso chachikulu chinabwera cha mu 2019. Mayiwo anayamba kuona kuti kudikira kwatalika, ndipo anatsimikiza mumtima kuti amuna awo anawathawa. Munthu amene ankamukhulupirira kuti amuuze zimenezi anali wansapato wa pabwalo. A Telala, amene anali atabwera kudzacheza, anamva okha.

"Bambo, inu ndinu mwamuna, tandiuzani. Munthu kusiya mkazi wake osatsanzika, ndi chiyani? Ndinalakwa chiyani? Mwana tinaika limodzi m'manda. Kapena wapeza wina woimba bwino?"

A Wansapato anasiya singano. "Sanakuthaweni, mayi."

"Mumawadziwa?"

"Ndimawadziwa. Ndi munthu wovuta, wamakani, koma sanakuthaweni. Ndipo wina alibe."

"Ndiye mukawaona mukawauze kuti ndatopa."

"Amva, mayi."

Mayiwo atalowa m'nyumba, a Wansapato anapita kuseri kwa kachipinda kawo. A Telala anawapeza atatsamira khoma, akulira mopanda mawu. "Ndikanangonena mawu awiri," anatero, "koma mawa tikanakawatolanso ku depoti." Madandaulo amenewa anabwerezedwa kwa miyezi yambiri, ndipo yankho linali lomwelo nthawi zonse.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene a Wansapato ankadzipemphera. Anauza a Telala kuti akamapemphera korona amawonjezera pempho lakuti tsiku limodzi, asanafe, akazi awo awayang'ane n'kuwaitana kuti a Bwerani-mawa. "Kamodzi kokha. Akaiwalenso madzulo ake, zilibe kanthu."

Mu Ogasiti 2022 anayamba kubanika ndi kutupa miyendo. Kuchipatala anapeza kuti mtima wafooka. Anagonekedwa, koma anapempha kuti atulutsidwe atamva kuti mayiwo akukana kudya chifukwa wophika wawo sakuoneka. Mwana wamkazi anawakonzera bedi pabalaza, koma anakana. Anabwerera m'kachipinda kawo, ndipo chimene analola ndi matiresi basi. Kuodira anapitiriza mpaka miyendo inakana.

Mwana wamwamuna anaitanidwa ndipo anabwera. Anakhala ndi bambo ake m'kachipindako masiku awo omaliza, akuwatembenuza ndi kuwamwetsa madzi. Zimene anakambirana sananene, ndipo sanafunsidwe.

Tsiku lomaliza m'mawa bambo mfumu anabwera ndi Ukaristia n'kuwadzoza mafuta a odwala. Chakumasana mayiwo anaona kuti pa benchi palibe munthu. Anauza mwana wawo wamkazi kuti apange tiyi, ananyamula okha kapu, n'kukaima pa khomo la kachipindako. Sanalowe, pakuti chinali chipinda cha mwamuna.

"Odi, bambo. Ndamva kuti simuli bwino."

"Eya, mayi. Pang'ono."

"Imwani tiyi. Mupeze bwino msanga, pabwalo pano pakuchita zii."

"Zikomo, mayi. Zikomo pa zonse."

A Wansapato anawayang'anitsitsa mayiwo, akudikira. Mayiwo anapereka kapu kwa mwana wamwamuna uja, anawerama mwaulemu, n'kubwerera m'nyumba. A Wansapato anamwa pang'ono. Anamwalira mwakachetechete dzuwa lisanalowe, ana awo onse awiri ali pambali.

Pali anthu amene akunena kuti pomaliza mayiwo anawazindikira amuna awo n'kuwatchula dzina lija. Si zoona. Amene analipo akuti sizinachitike. Pempho lawo limodzi lija silinayankhidwe monga anafunira, ndipo nyuzi ino siwonjezera zimene Mulungu sanapereke.

Chimene chinachitika ndi ichi. M'mawa mwake, pokonza thupi, anaona kuti suti ilipo koma nsapato zabwino palibe. Zinali pansi pa bedi la mayiwo. Mwana wamwamuna anati akangozitenga mayi ali kubafa. Mlongo wake anakana. "Bambo sanawabereko kanthu zaka zonsezi. Sitiyamba lero. Akakana, bambo apita ndi masokosi." Analowa n'kukhala pambali pa amayi ake.

"Mayi, wansapato uja wamwalira."

"Wa pabwalo uja? Mayo ine! Munthu wabwino uja. Ali ndi abale?"

"Ali ndi ana awiri."

"Nanga mkazi?"

"Ali naye. Akudwala."

Mayiwo anapukusa mutu. Kenaka anafunsa kuti, "Amuveka chiyani kumapazi? Ndinkamuona ndi zong'ambika zokhazokha." Mwanayo asanayankhe, mayiwo anagwada, anapisa dzanja pansi pa bedi, n'kutulutsa nsapato zakuda zija zikunyezimira. Anazipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Kampatseni izi. Wazisamala nthawi yaitali. Amuna anga akabwera ndiwafotokozera ndekha. Ayamba akalipa, mukuwadziwa, koma amvetsa."

Mwana wamwamuna ndi amene anawaveka bambo ake nsapatozo n'kumanga zingwe.

Mu mpingo timalankhula kawirikawiri za chikondi, ndipo ambiri a ife timakonda tikuyembekezera kuti wokondedwayo adziwe kuti ndife. A Wansapato anakonda zaka zisanu ndi zinayi popanda zimenezo. Anayamba molakwitsa, anaona kulakwa kwawo pa mapazi a akazi awo, ndipo anasiya dzina lawo, bedi lawo ndi nsapato zawo kuti mayiwo akhale ndi mtendere. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Mayiwo ali moyo, ndipo akusamalidwa ndi mwana wawo wamkazi pa nyumba yomweyo. Amayi a mphakati akupitiriza kugawana masiku, ndipo ofuna kuthandiza aonane ndi a katekisiti. Banja likupempha kuti wopita kukacheza aziodira, ndipo asawafunse kuti, "Mwandizindikira?"

Benchi ikadali pabwalo. Patatha milungu ingapo maliro atachitika, mayiwo anatsegula chitseko m'mawa, anaiyang'ana, n'kufunsa ngati wansapato uja abwera.

"Sabweranso, mayi," anatero mwana wawo. "Anamwalira. Munamupatsa nsapato zija."

"Zinamukwana?"

"Zinamukwana ndendende."

"Ndinadziwa," anatero mayiwo. "Ndinkamuyang'ana mapazi akamasoka. Phazi lake ndi limodzimodzi ndi la amuna anga."